Chaka Chimene Ndidatsuka Injini

Munda umene ndimalima ndi wa akazi anga. Nyumba ndidamanga ndine, koma ili pa dothi la kwawo. Mitengo ya mapichesi ili pakhomo ndidabzalanso ndine, koma anthu akamapempha zipatso amapempha kwa iwo. Ndine mkamwini, ndipo sindidandaula. Galimoto yokha ndiyo yanga.

Ndi pikapu yoyera, ngakhale kuyerako masiku ano amakuona ndi okhawo amene adaidziwa kale. Ndidagula kwa wansembe wina wa ku mishoni pamene ankabwerera kwawo. Nayenso sadaigule yatsopano. Mita yowerenga mtunda idaima ine ndisanaigwire, choncho munthu akandifunsa kuti yayenda mtunda wotani, ndimangomuuza kuti yayenda.

Wansembeyo adandilangiza chinthu chimodzi. Adati m'mawa uliwonse ndizitsegula boneti, ndizisolola kandodo koyezera oyilo, ndipo oyilo akachepa ndizithira wina. Za kutulutsa wakale sadanene. Kapena adanena m'Chizungu. Ine ndidasunga zimene ndidamva, ndipo ndidazisunga zaka zambiri osaphonya tsiku. Oyilo ndinkagula wa m'mabotolo pa Chimbiya. Wina ankandipatsa mwini chigayo akasintha wa m'injini yake, ndipo ameneyo ndinkayamba ndamusefa ndi nsanza ya chitenje, chifukwa sindine munthu wauve. Zoti munthu atsegule pansi pa injini n'kutaya oyilo amene akadali wamadzimadzi, ndinkaziona ngati misala ya anthu a m'tauni.

Kuchokera kwathu, cha ku Lobi, kupita ku Chimbiya pali chitunda china chachitali. Chaka china, nthawi yokumba mbatatesi, tidadzaza matumba kumbuyo, akazi anga atakhala kutsogolo. Pakati pa chitundacho injini idayamba kugogoda ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Kumbuyo kudatuluka utsi wabuluu. Kenako idazima. Matumba tidawasamutsira m'ngolo ya munthu wina, ndipo pofika pamsewu waukulu ogula a ku Lilongwe anali atadzaza malole awo n'kupita. Tidagulitsa kwa amayi a m'mphepete mwa msewu pa mtengo umene iwo adafuna. Pobwerera tidapeza injini itazizira. Ndidangopotokola kiyi kamodzi, idalira, n'kutifikitsa kunyumba ngati palibe chimene idalakwa.

Akazi anga sakalipa. Adadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu, akusankha nyemba pakhonde, adandiuza osandiyang'ana kuti petulo wa galimotoyo amachokera m'munda mwawo, ndipo chaka chamawa ikadzalepheranso kufikitsa mbatatesi pa Chimbiya, adzaitana anthu ogula zitsulo zakutha. Ana atamva adavomereza onse, mwamsanga kwambiri, ngati anthu amene adakambirana kale.

Akazi anga ali ndi mlongo wawo amene adagwira ntchito zaka zambiri pa galaja ya ku mishoni. Tsopano amakonza njinga zamoto ndi mapampu pansi pa mtengo pakhomo pawo. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindikana. Vuto lawo ndi pakamwa. Ndidazengereza miyezi ingapo, koma mvula itatha ndidapita nayo galimoto kumeneko.

Adatsegula chotsekera oyilo pamwamba pa injini n'kupisamo chala. Chidatuluka chitamatidwa zakuda zonga chikonga cha m'kaliwo. Adachiyang'ana, adachinunkhiza, kenako adandiyang'ana ine.

"Alamu, mumaphikamo chiyani muno?"

Kenako adafunsa kuti oyilo ndidasintha liti komaliza. Ndidawauza kuti oyilo wanga sasinthidwa, amawonjezeredwa. Adakhala pansi pa tayala lakutha. Adaitana akazi awo kuti atuluke m'khitchini, n'kundipempha kuti ndibwerezenso mawu omwewo pang'onopang'ono kuti nawonso amve.

Atamaliza kuseka adanena zoyenera kuchita. Adati nditulutse zakudazo, ndiike fyuluta yatsopano, imene ndi kachitini kosefa oyilo, ndithire oyilo wokhuthala wa injini zakale, ndiyende naye sabata imodzi, ndimutaye, ndithirenso wina. Adati litsiro la zaka zonsezo liyenera kuchoka pang'onopang'ono. Ndidawafunsa ngati akutanthauza kuti ndigule oyilo n'cholinga choti ndimutaye. Adati inde, mwinanso kawiri. Ndidatseka boneti ndekha n'kutsanzika.

Nkhani idafika kutchalitchi ine ndisanafike. Misa itatha, amuna onse anali amakaniko. Wina adati ndithire palafini m'injini n'kuisiya ilire mpaka itatsuka. Wina adati dizilo ndiye amatsuka bwino. Mkulu wina amene sadakhalepo ndi njinga yakapalasa yomwe adati ndiyese sopo waufa. Mwana wanga wamwamuna, amene ndi kalaliki ku Boma, adandiuza pa foni kuti masiku ano kuli oyilo wamakono amene amatsuka yekha injini ikamayenda, ndipo sachedwa. Zimenezo zidandikomera. Oyilo wotero umathira kamodzi, ndipo supitanso kukakhala pansi pa mtengo wa munthu.

Ndidakwera minibasi kupita ku Dedza. M'sitolo ya zipangizo za galimoto ndidapezamo mayi wina wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Adandipatsa moni mwaulemu. Kenako adayamba mafunso. Injini ndi ya liti? Imatulutsa utsi? Imadontha? Fyuluta mudasintha liti? Ndidamuuza kuti ndabwera kudzagula, kolapa ndimapita Loweruka.

Sadakwiye. Adatsitsa zigubu ziwiri n'kuziika patebulo. China chinali chosaoneka bwino, cha oyilo wokhuthala. Adati ameneyo ndiye wa galimoto zokalamba, ndipo ndibwino kumusintha msanga kangapo mpaka injini itayera. Anali mawu a alamu anga enieni, moti ndidakayikira kuti mwina adamuimbira foni. Chinacho chinali chonyezimira, chokhala ndi chithunzi cha galimoto yampikisano. Adatsegula kuti ndione. Oyilo wake anali wopyapyala, wowala ngati uchi watsopano. Mtengo wake unali wa mbuzi yaing'ono.

Ndidaloza chonyezimiracho.

"Bambo, ameneyu atsuka ndithu," adatero mayiyo. "Koma m'injini yakale, matope enawo ndi amene amatseka timipata. Akachoka onse nthawi imodzi, muona."

Ndidamuuza kuti injini yanga ilibe timipata. Adati nditengeko fyuluta. Ndidakana. Imene inalimo idakhala zaka zonsezo osadandaula, ndipo sindichotsa wantchito popanda mlandu.

M'mawa mwake ndidayala thumba pansi pa galimoto n'kulowa chagada, sipanala m'manja. Ndidaika beseni. Ndidamasula nati wa pansi pa injini n'kutembenuza nkhope kuti oyilo asandithire m'maso. Palibe chidatuluka. Ndidadikira. Ndidasuzumira pabowopo. Munali mdima wokha. Ndidatenga sipoko ya njinga n'kutokosa, ndipo ndi pamene kudayamba kutsika chinthu chakuda, mwaulesi, ngati phala logona. Ndidabwezera nati, ndidayatsa injini kuti itenthe, n'kumasulanso. Ulendo uno zidatuluka, zina zamibulumibulu.

Sindidziwa amene adauza anthu. Pofika masana pakhomo panali mzere wa zitini. Uyu akufuna wopaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye. Uyu wa mateyala a ngolo. Uyu akuti nkhumba yake ili ndi nsabwe. Ndidagawira onse mwachilungamo. Akazi anga atabwera kuchokera kudimba adafunsa kuti beseni lawo lochapira lili kuti. Ndidawaonetsa. Adaliyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti kuyambira lero ndi langa.

Ndidathira oyilo wa uchi uja. Injini idalira mofewa, mwina kuposa tsiku limene ndidaigula. Ndinalibe ulendo, koma ndidaupeza. Ndidadutsa pakhomo pa alamu anga pang'onopang'ono, ndikuliza hutala. Pobwerera ndidadutsanso pomwepo, ngakhale njira yachidule inalipo.

Tsiku lachitatu m'mawa ndidasolola kandodo. Oyilo anali wakuda bii.

Ndidazindikira nthawi yomweyo chimene chidachitika. Adandigulitsa oyilo wakale, wopakidwa mtundu kuti aoneke watsopano, ndipo mtunduwo wasuluka ndi kutentha. Ndidatungako pang'ono m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ndidavala jekete la kutchalitchi. Ndidakweranso minibasi.

M'sitolo munali anthu. Ndidaika kabotolo patebulo n'kunena, mosakweza mawu koma momveka, kuti tsitsi langa lidayera ndisanaberedwepo ndi munthu, ndipo sindiyamba lero. Mayi uja adakweza kabotolo n'kukayang'ana kowala. Kenako adatenga kansalu koyera, adapukuta tebulo lakelo kuchokera uku mpaka uko, n'kundionetsa.

"Kansaluka kada chifukwa ndi kabodza, bambo, kapena chifukwa tebulo linali ndi fumbi?"

Ndidamuuza kuti za tebulo lake sizikundikhudza. Ndidatenga kabotolo kanga n'kutuluka. M'minibasi, titadutsa pang'ono, ndidaona kuti mawu akewo anali ndi mutu. Sindidauze munthu.

Lamulungu lotsatira ndidaimika galimoto pamalo panga pa nthawi zonse, pafupi ndi khomo la tchalitchi, pamene amayi a bungwe amasesa mpaka pamawala. Potuluka tidapeza chithaphwi chakuda pansi pake, ndi kamtsinje kolowera ku maluwa. Mphunzitsi wa katekisimu adandikokera pambali n'kundipempha mwaulemu kuti ndiziimika kuseri kwa mpanda. Kunyumba zinali zomwezo. Idadontha kutsogolo, idadontha pakati, idadontha ndi malo amene sindinkadziwa kuti kumafika oyilo. Nkhuku zidapondamo n'kulemba pakhonde ponse. Aliyense pamudzi ankatha kudziwa kumene ndapita pongotsata madontho.

Kutatsala masabata atatu kuti tikumbe mbatatesi, ndikuchokera kuchigayo, kutsogolo kwanga kudayaka kanyali kofiira kochenjeza za oyilo. Kanyali kameneko ndinkakayesa kakufa kuyambira nthawi ya wansembe. Injini idayamba kulira ngati wotchi. Ndine wouma mutu, koma sindine chitsiru. Ndidaizimitsa pomwepo.

Idakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, dzuwa lili paliwombo, kudutsa pakati pa mudzi kulowera kwa alamu anga. Ine ndidakhala m'kati, msana uli chilili, manja onse pachiwongolero, popeza ng'ombe sizidziwa kuwongolera galimoto. Anthu ankandipatsa moni ndipo ndinkayankha. Alamu anga adatiwonera patali. Pofika tidapeza atakonza kale malo pansi pa mtengo, ndipo akazi awo anali atatulutsa mpando kuti aonere atakhala.

Adamasula chibeseni chachitsulo cha pansi pa injini, chimene amachitcha sampu. M'kati muli kasefa kamene oyilo amadutsapo pokwera m'injini. Kanali katatsekeka kotheratu ndi matope.

"Mwatsuka, alamu, palibe angakane," adatero. "Chuma chonse chimene mudasunga zaka zonsezi chatsika tsiku limodzi, chapeza khomo ndi limodzi."

Ndidafunsa ngati injini yafa. Kwa nthawi yoyamba sadaseke. Adati sadziwa. Adati ndikadayenda nayo mpaka kunyumba kanyali katayaka, bwenzi tikukamba za maliro, koma popeza ndidaimitsa msanga, mwina ili ndi moyo. Kenako adandipatsa chidutswa cha sowo ndi chitini cha palafini, n'kunena kuti amene adasonkhanitsa ndiye apale.

Ndidapala masiku awiri. Fyuluta idakana kumasuka, moti adachita kuiboola ndi sikuludiraiva n'kuipotokola ndi manja awiri. Itachoka inkalemera ngati mwala. Adaipachika pa nthambi ndi waya kuti aliyense wobwera ndi njinga yamoto aphunzirepo. Gasiketi, kachikopa kotseka pakati pa zitsulo, adadula kuchokera ku katoni ya nsapato, akugogoda m'mphepete ndi kanyundo mpaka itatuluka yofanana ndi yakale. Pamenepo ndidawayang'anitsitsa. Manja awo ndi anzeru kuposa pakamwa pawo.

Kudatsala oyilo. Ndidayembekeza kuti anena kuti ali naye. Adati alibe. Ndidakwera minibasi kachitatu.

Mayi wa m'sitolo atandiona pakhomo sadanene kanthu. Adatsitsa zigubu ziwiri zosaoneka bwino zija ndi mafyuluta awiri, n'kuziika patebulo ine ndisanatsegule pakamwa. Ndidamulemekeza mumtima chifukwa cha kukhala chete kwakeko, ndipo ndidaganiza kuti makolo ake adamulera bwino. Ndikunyamula katundu adati, "Mukapereke moni kwa alamu anu. Anaimba m'mawa."

Tidathira woyamba. Injini idalira, ndipo kanyali kadazima. Ndidayenda naye sabata imodzi. Tsiku lomutaya lidandipweteka kuposa tsiku lokokedwa ndi ng'ombe, chifukwa anali akadali wabwinobwino, wakuda chabe. Ndidapita kukayang'ana nkhumba za alamu mpaka atamaliza. Titathira wachiwiri, kudontha kudachepa mpaka kadontho kamodzi pa tsiku. Utsi udachepa koma sudathe. Alamu adati zitsulo za m'kati zidadyeka, ndipo palibe oyilo wobwezera unyamata. Adandilamula zinthu zitatu za pachitunda: ndichepetse matumba, ndilowe giya yoyamba ndikadali pansi, ndipo kanyali kakangophethira ndiime.

Za matumba akazi anga adakana. Adati mayeso ndi omwe aja a chaka chatha, ndipo sachotsapo ngakhale thumba limodzi. Adaima pomwepo mpaka lomaliza litakwera.

Tidanyamuka m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri. Alamu adadziitana okha. Adakwera pamwamba pa matumba atavala chikhoti, atakumbatira chigubu cha oyilo wotsala. Akazi anga adakhala kutsogolo n'kutulutsa korona kuti azipemphera. Ndidawapempha kuti abweze m'thumba, chifukwa galimoto ingaone kuti sitikuikhulupirira. Sadabweze.

Pansi pa chitunda ndidalowa giya yoyamba. Tidayamba kukwera. Tinkayenda ndithu, koma mayi wina wosenza nkhuni adatipeza. Adayenda pambali pa zenera, adapereka moni, adafunsa za kunyumba, akazi anga adafunsa za odwala a kwawo, adafotokoza zonse, adatsanzika, n'kutidutsa. Ine ndidayang'ana kutsogolo.

Pafupi ndi pamene idafera chaka chatha, kanyali kadaphethira. Kadazima. Kadaphethiranso.

Pamwamba panali pafupi, ndinkapaona. Ndikaima, akazi anga akanatha kunena kuti yalephera, ndipo sindikanadziwa ngati idzukanso ndi katundu yense uja pamtunda. Ndikapitirira, mwina ndikanafika, mwina ndikanaipha ndekha. Phazi langa linkafuna kuponda. Ndidaponda buleki n'kuzimitsa injini.

Alamu adatsika msangamsanga n'kuika miyala kumbuyo kwa mateyala.

"Yafa?" adafunsa akazi anga.

"Ayi, mayi. Ndaiimitsa ndine."

Adandiyang'ana, n'kupitiriza korona. Tidatsegula boneti. Alamu adasolola kandodo n'kunena kuti oyilo wacheperako, ndipo popeza tili pachitunda, wotsalayo wathawira kumbuyo kwa sampu. Adathira. Tidadikira kuti atsike. Sadanene nthabwala ngakhale imodzi, ndipo zimenezo zidandiopsa kuposa kanyali.

Ndidakhala pampando n'kupotokola kiyi. Idakhosomola n'kukhala chete. Ndidapotokolanso. Idalira. Kanyali kadazima ndipo sikadayakenso. Alamu adachotsa miyala n'kuthamangira kumbuyo, ndipo ndidawaona pagalasi akukwera matumba ngati nyani wokalamba, chigubu chili m'khwapa. Sindidawadikire kwambiri. Pamwamba pa chitunda tidamudutsa mayi wa nkhuni uja, ndipo ndidamulizira hutala.

Pa Chimbiya malole anali akadalipo. Mbatatesi zonse zidapita. Akazi anga adakambirana ndi ogula okha, monga amachitira, ine nditaima pafupi ndi galimoto kuti anthu asaitsamire.

Pobwerera sadanene kanthu za chigamulo, ndipo ine sindidafunse. Adakamba za mtengo wa feteleza ndi za mwana wa mnansi amene akukwatiwa. Tidatsitsa alamu kwawo. Tidafika pakhomo. Adatsika, adakutumula chitenje, adazungulira galimoto yonse, adawerama n'kusuzumira pansi pake. Adaweramuka atagwira m'chiuno.

"Ikhale," adatero. "Koma oyilo azisintha alongo anga. Inu muzingoyendetsa."

Ndidati ndamva.

Tsopano pakapita miyezi ingapo ndimapita nayo pansi pa mtengo uja, nditagula chigubu chosaoneka bwino ndi fyuluta. Ndimakhala pachitsa. Alamu amagwira ntchito akufotokozera aliyense amene alipo nkhani ya injini yanga, ndipo ulendo uliwonse imakula. Poyamba ankati m'sampu mudatuluka matope odzaza ndowa. Ulendo wathawu adati mudatuluka chule wamoyo, ndipo anyamata a njinga zamoto adakhulupirira. Sindiwatsutsa. Akamanga nati ndimasolola kandodo ndekha kuti ndione ngati athira wokwanira, ndimapukuta manja, n'kubwerera kunyumba.